Makoswe Oyera a Zakia

Mwina mwamva kale zomwe amayi akhala akunong'onezana pamjigo ku Katuli, zoti Zakia, mwana wa malemu a Wadi, akuweta makoswe m'tauni. Ena akuti ndi zizimba. Bodza limenelo, nkhani yake ndi iyi.

A Wadi ankayanika utaka kufupi ndi Makokola, n'kumauwaza ndi manja mankhwala ophera tizilombo kuti usafumbwe. Chiwindi chinawonongeka, maso anachita chikasu, basi anatisiya. Chaka chomwecho Zakia analephera mayeso a Folomu 4.

Ntchito yomwe anapeza inali yokolopa mulabu ya pakoleji ina, momwe amasunga makoswe oyera oyeserapo mankhwala. Ena mwa makoswewo ankawapatsa dala mankhwala ophera tizilombo kuti aone momwe chiwindi chimawonongekera. Zakia akawaona ali ndwii pakona, ubweya utanyankhalala, ankakumbukira bambo ake. Ndiye anayamba kuponyera khola limodzi mobisa masamba a chammwamba, omwe mayi ake ankamutumizira kuti aziphika ndiwo.

Patatha miyezi iwiri, a Dokotala Tikhala, mkulu wa labuyo, anadabwa kuona kuti makoswe a m'kholalo chiwindi chawo chili bwinobwino. Anaganiza kuti wophunzira wawo, Jeffrey, walakwitsa muyezo wa mankhwala, ndipo anati amuchotsa pakafukufukuyo. Zakia akanangotseka pakamwa, ntchito yake ikanapulumuka. Koma anatsamiritsa chokolopera kukhoma.

"Adokotala, ndine. Ndinkawapatsa chammwamba. Ndinkawamvera chisoni."

"Mukudziwa kuti mwawononga ntchito ya miyezi iwiri?"

"Ndikudziwa. Koma a Jeffrey alibe mlandu."

Anamuimitsa ntchito tsiku lomwelo. Masabata atatu anangokhala kumudzi, anthu n'kumamuloza ndi milomo.

Kenako foni inalira: anali adokotala aja, akumuitananso kulabu. Atabwerera, adokotala sanamupatse chokolopera, anamupatsa sikelo ndi kope. Anati ayambirenso, koma tsopano aziyeza masambawo n'kumalemba zonse. Zotsatira zinabweranso chimodzimodzi. Komatu adokotala amachenjezabe kuti khoswe si munthu, wina asasiye chipatala kapena kuseweretsa poizoni podalira masamba.

Zakia analembanso mayeso aja n'kukhoza. Pano akuphunzira sayansi pakoleji pomwepo, mulabu momwe ankakolopa muja. Akabwera kumudzi amapita kwa oyanika nsomba kukawauza zomwe zinapha bambo ake.

Osataya mtima, anzanga, ngakhale anthu akunong'oneni. Koma nanga inuyo, tsiku lomwe kunena zoona kudzafune kukudyerani ntchito, mudzatsegula pakamwa?