Ndinatsina Khanda Langa m'Phiri la Ndirande

Nyundo za amayi ophwanya miyala zitangoti zii, ndinadziwa kuti kwaipa. Ndinkatsika phiri nditasenza nkhuni, khanda kumsana, mwana wanga Esinati atagwira chitenje changa. Pokhota kanjira panaima anyamata a malaya ofiira.

"Mayi, khadi la chipani. Ndi la mwaberekayo."

Khadi la mwana wosamera ndi mano omwe! Langa lomwe ndinalibe. Akanatikhazika padzuwa mpaka madzulo, ana osadya.

Mpaka lero ndikakumbuka ndimapsa mtima. Ndinapisa dzanja kumbuyo n'kulitsina khandalo pantchafu, mwamphamvu. Linalira ngati lapsa.

"Ndi chikuku, achimwene. Sendererani mumuone."

Anapatuka msangamsanga. Ndinakoka Esinati n'kutsika osacheuka, ndikutukwana chamumtima anyamatawo pamodzi ndi zala zangazi.