Mwana Wanga Analira

Ndinakwatiwa ku Nkhata Bay boma ndili wamng'ono, nditangosiya sukulu kumudzi kwathu. Mwamuna wanga anali kondakitala wa minibasi za ku Mzuzu, ndipo tinkakhala m'nyumba ya amayi ake, pachitunda cha kumtunda kwa msika. Ine ndinali munthu wa inde. Apongozi akanena kuti chinangwa chavunda mokwana, ndinkachivuula m'madzi ngakhale manja anga akumva kuti chikadali cholimba. Chimene ndinkafuna n'chakuti akakumana ndi amayi anzawo a kutchalitchi azinena kuti mwana wawo anasankha bwino.

Ndinaima nthawi imene korona inavuta. Kusikelo ndinkapita ndithu, nditavala masiki, koma mimba itakula mbiri zinachuluka pamsika. Ankati ukafika kuchipatala amakupisa kamtengo m'mphuno, akakupeza nayo amakutsekera kwawekha, abale osakuona, ndipo ukafa amakukulunga m'pepala la pulasitiki n'kukakuika okha. Sindinaonepo zimenezi ndi maso anga, ndipo anamwino a kusikelo anali anthu abwino kwa ine. Koma apongozi anati ana awo onse anabadwira pamphasa, ndipo palibe anapunguka chala. Anakapangana ndi mnzawo wina amene kale anali mzamba. Mumtima ndinkafuna kuchipatala. Pakamwa ndinati inde.

Mwanayo anali wamwamuna, wochepa thupi. Atangobadwa analira, kulira kwa mawu ang'ono koma omveka mpaka pakhonde. Anayamwanso. Kenaka kupuma kwake kunasintha, pachifuwa pakulowa m'kati ngati wina akudinikiza ndi chala. Ndinauza apongozi, iwo anati makanda amatero. Pamene anavomera kuti tifune galimoto, mwana anali atazizira kale m'manja mwanga. Mchombo unali usanagwe, ndipo dzina tinali tisanamupatse.

Amayi achikulire anabwera mwakachetechete n'kundiuza mwambo. Anati imeneyi ndi nthayo, si maliro. Mwana amene sanatuluke m'chikuta sanafike pakukhala munthu, wangobwerera. Samulira, chifukwa mayi akalira amadzitsekera mimba. Panalibe bokosi, panalibe kwaya, abusa sanauzidwe. Anamukulunga m'chitenje changa chobiriwira n'kupita naye okha amayiwo, ndipo mwamuna wanga anauzidwa kuti apite kuntchito monga masiku onse. Panalinso chifukwa china chokhalira chete, chimene sanachitchule: kuchirira pakhomo n'koletsedwa, ndipo mzamba uja akanaona zakuda.

Ndinamvera. Mkaka unkatuluka wokha, ndinamanga mabere ndi nsalu n'kumasesa pabwalo. Pawailesi tsiku lililonse ankawerenga anthu amene amwalira ndi korona, ndipo ndinkamvetsera ngati kuti mwina amutchulako. Koma mwana wanga sanafe ndi korona. Anafa ndi mantha a korona, ndipo kumeneko kunalibe owerenga.

Patapita nthawi, anthu atataya kale mamasiki, kunabwera mayi wina wa chikwama chakumsana, akulowa nyumba ndi nyumba. Anafika kwathu thukuta lili kamukamu chifukwa cha chitunda. Anali wa kuchigawo chapakati, Chitonga sankachidziwa. Apongozi Chichewa amachimva, koma pamaso pa mlendo wa ofesi safuna kuti lilime liwapunthwitse, choncho anandiitana kuti ndizimasulira. Ndinayala mkeka, ndinabweretsa madzi akumwa, ndinakhala pansi chapambali.

Mayiyo anafotokoza ntchito yake modekha. Anati m'mayiko ambiri akufuna kudziwa kuti zaka za mliri uja zinatenga anthu ochuluka bwanji kuposa zaka wamba. Mayiko ena imfa iliyonse imalembedwa, ndiye amangofanizira chaka ndi chaka. Kuno ambiri amamwalirira pakhomo osalembedwa paliponse, n'chifukwa chake iye akuyenda ndi miyendo. Anatinso sakufunsa za korona yokha. Akufunsa za aliyense amene anamwalira nthawi imeneyo, ngakhale amene anasowa galimoto, amene mankhwala ake anatha, amene anaopa kupita kuchipatala.

Mawu omalizawo ndinawamasulira ndikuyang'ana mkeka.

Apongozi anaseka n'kunena kuti ndimuuze mlendoyo kuti korona inalephera kukwera chitunda chathu, inathera mpweya pamsika pomwepo monga wachitira iyeyu. Ndinamasulira, mayiyo anasekanso. Kenaka apongozi anati ndimuuze kuti pakhomo pano Mulungu anatisunga, sipanagwe maliro. Ndinamasuliranso, liwu ndi liwu, osasintha kanthu, chifukwa ndi zimene anandiitanira.

Mayiyo anadina pafoni yake yaikulu, n'kufunsa osadzutsa mutu, ngati funso limene amafunsa paliponse: "Ngakhale khanda?"

Apa apongozi sanadikire womasulira. Anayankha okha m'Chichewa: "Palibe."

Mlendo anathokoza n'kuyamba kutsegula chikwama kuti alongedze. Ndinaona kuti akatsika chitunda chija, nyumba yathu ipita kumayiko onsewo ngati nyumba imene sinataye munthu, ndipo ine ndidzakhala nditathandiza kunena zimenezo ndi pakamwa panga.

"Alipo," ndinatero. "Mwana wanga."

Apongozi ananditchula dzina motsitsa mawu, monga amachitira ndikathira mchere wambiri pamaso pa alendo. Anandiuza m'Chitonga kuti ija inali nthayo, ndipo nthayo sauza anthu a m'njira. Mayi uja sanamve mawuwo koma nkhope anaziona. Anandifunsa ngati ndikufuna tikalankhulire kwina, kapena tisiye. Ndinati ayi, pomwe pano.

Anafunsa mwezi umene mwanayo anamwalira, ndinamuuza. Anafunsa dzina, ndinati analibe, ndipo iye anati palibe kanthu, alemba kuti mwana wamwamuna. Kenaka anati pali funso limene limasiyanitsa mwana wobadwa atafa kale ndi mwana amene anakhala ndi moyo, ndipo anapepesa asanalifunse.

"Atabadwa, analira?"

Palibe munthu anali atandifunsapo zimenezo. Ndinatembenukira kwa apongozi, chinthu chimene sindinkachita, n'kuwayang'ana m'maso.

"Amama, analira. Munali pakhonde, munamumva. Anayamwanso."

Ananyamuka n'kulowa m'nyumba, chitseko n'kuchisiya chotsegula. Ine ndinapitiriza kuyankha: za kupuma kwake, za chifuwa chija, za chifukwa chimene sitinapitire kuchipatala. Za mzamba ndinangoti panali mayi wina wothandiza, ndipo mlendoyo sanaumirize. Atamaliza anandigwira dzanja n'kunena kuti pepani ndi maliro. Anali munthu woyamba kunena mawu amenewo kwa ine.

Atachoka, apongozi anatuluka. Sanakalipe. Anati iwonso anataya wawo woyamba momwemo, sanamulire, ndipo anaberekanso ena onsewa. Anati mwambowu unaikidwa pofuna kuteteza ine, kuti mtima usakakamire pa amene wapita. Ndikafuna kudzitsekera mimba ndekha, iwo asamba m'manja, koma ndisadzati sanandiuze. Ndikudziwa kuti sankanena mwankhanza. Ndinawayankha mwaulemu, nditagwada, kuti ndamva, koma mwana amene wawerengedwa ku mayiko akutali sangakhale wosawerengedwa pakhomo pa agogo ake.

Ndiye ndinakhala pakhonde, dzuwa lili pamutu, n'kuyamba kulira. Sikunali kusisima kwa m'bulangete kumene ndinazolowera. Ndinalira mokweza, monga timalirira maliro kwathu, ndikumuitana kuti mwana wanga, mwana wanga, poti dzina lina analibe. Amayi oyandikana nafe anathamanga, ena ufa uli m'manja, akufunsa kuti wamwalira ndani. Apongozi anangoima pakhomo, choncho ndinayankha ndekha. Ena atamva anayang'anana n'kubwerera kwawo msangamsanga. Sindinawaimbe mlandu, ndipo sindinatsitse mawu.

Mayi wina wogulitsa usipa, amene sitinkachezerana kwenikweni, sanabwerere. Anavula masilipasi, anamanga chitenje bwinobwino, n'kukhala pansi pafupi nane miyendo atatambasula. Patapita kanthawi anayamba kulira nayenso, ndipo amene ankamulirayo sanali wanga.