Matenda a Minofu Atandifika Pamtima

Ndinaphunzitsa sitandade 4 zaka zambiri kufupi ndi Kadewere, ndipo matenda anga anayambira pa bolodi. Mkono unkakana kukwera, moti deti ndinkalemba m'munsi, ana n'kumaseka. Kenako podzuka pampando ndinkayamba ndagwira tebulo.

Ku chipatala cha mishoni anandiyeza malungo ndi shuga, osapeza kanthu, n'kunditumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko adokotala ena achizimayi anandiuza kuti chitetezo cha m'thupi mwanga chikulimbana ndi minofu yanga yomwe, n'chifukwa chake ikutupa ndi kufooka. Anandipatsa mapiritsi ochepetsa kutupako. Masaya anafufuma, anzanga a kwaya n'kumati ukalamba ukundiyanja, koma mphamvu zinabwererako.

Chaka chotsatira, nthawi yokolola nandolo, nsapato zinasiya kulowa. Ndikadina mwendo ndi chala, pankatsala dzenje. Kuchokera pamjigo kufika pakhomo ndinkapumira katatu, ndipo ndikagona chagada mpweya unkabanika. Amuna anga anati ndi mapiritsi aja, ndiwasiye.

"Mankhwala sindisiya, bambo," ndinawayankha. "Popani njinga."

Anandikweza mpaka pamsewu, tinakwera minibasi ya ku Blantyre. Adokotala aja anandipaka mafuta ozizira pachifuwa, n'kuyendetsapo kachipangizo. Ndinauona ndekha mtima wanga pa makinawo, ukugunda mwaulesi.

"Amayi, mtima nawonso ndi mnofu," anatero. "Matenda aja aufikira. Sukupopa magazi mokwanira, ndiye madzi akudzadza m'miyendo ndi m'mapapo."

"Ndiye ndikufa?" ndinafunsa.

"Mwabwera nthawi yabwino. Koma muzindimvera."

Amuna anga anangoyang'ana pansi. Sindinawanene kwa adokotala kuti ankati ndisiye mapiritsi, ndipo mpaka lero nkhaniyo sitinaikambenso.

Anandigoneka masiku angapo. Mankhwala ochotsa madzi anandiyendetsa njira ya kuchimbudzi mpaka anamwino anandizolowera, koma tsiku lachitatu ndinaona mafupa a akakolo anga atatulukiranso. Anandiwonjezera mapiritsi othandiza mtima, ndi ena oziziritsa ukali wa chitetezo chija. Mchere anati wochepa zedi. Anatinso ndizidziyeza pasikelo m'mawa uliwonse, ndipo ndikalemera mwadzidzidzi ndisadikire tsiku lokaonana ndi adokotala.

Chovuta chinali mcherewo. Ndiwo zinkakoma ngati udzu. Ndinayamba kuthira mandimu ndi anyezi wambiri, nsomba zouma n'kumaziviika kaye m'madzi. Amuna anga anakana kuti ndiziwaphikira zawozawo.

"Tizidya zomwezi," anatero, akumeza movutikira.

Kawiri konse sikelo inakwera, ndipo kawiri konse ndinapita msanga, anandisinthira mankhwala, n'kubwerako tsiku lomwelo. Kuchira kwenikweni kulibe, adokotala sanandibisire. Ntchito ndinapuma, khasu ndinalisiya. Panopa ndikuweta nkhuku za mikolongwe, zakuda zija, ndipo zoikira zakwana khumi ndi zinayi. Mazira ndimatola ndekha. Ndimawerama pang'onopang'ono, dzanja limodzi litagwira mzati wa khola, ndipo chiyambire sindinaswepo ngakhale limodzi.