Dzanja pa Kabati

Nyumba yathu ili m'mbali mwa msewu waukulu, kumunsi kwa boma la Mwanza. Mathiraki opita ku Mozambique akamadutsa malata amanjenjemera, ndipo tinazolowera kalekale kudula nkhani pakati mpaka adutse. Phokoso si lachilendo kwathu. Koma limene linanditopetsa chaka chija linali la m'nyumba momwemo.

Mwana wathu amene amagwira ntchito ku Tete anatitumizira wailesi yokhala ndi masipika awiri ndi chibokosi chakuda chotulutsa mawu aakulu, chimene achinyamata amachitcha sabuufa. Tinaziika zonse pamwamba pa kabati ya magalasi ya pabalaza, imene mkazi wanga amasungiramo mbale za alendo ndi makapu omwe sitimwera. Iye anali ndi nyimbo zake pa kakhadi kakang'ono, za kwaya ya amayi a kumpingo kwathu, imene anaimbamo zaka zambiri asanasiye.

Anasiya chifukwa cha makutu. Lakumanzere linafa tili achinyamata, ndipo za khutu limenelo sitikambirana m'nyumba muno. Iye sanaiyambepo nkhaniyo, ine ndilibe pakamwa poiyambira. Lakumanja lakhala likutha pang'onopang'ono ndi ukalamba. Anayamba kulowa nyimbo mochedwa, anzake n'kumayang'anana, ndipo tsiku lina anangopinda yunifolomu yake n'kuiika pansi pa sutikesi.

Masana aliwonse akatsuka mbale ankayatsa wailesiyo n'kukhala pa mpando woyandikana ndi kabati, dzanja atalisanjika pamwamba pake. Ng'oma ikangoyamba, kabati yonse inkalira. Magalasi ankanjenjemera m'mafelemu, makapu kugundana, masupuni kuyankha m'dirowa. Mawu a amayi oimbawo ankamira m'chisokonezocho. Ine zinkandiwawa. Ndinkati mumtima: munthu watsala ndi theka la khutu, ndipo lomwelo likudyedwa ndi makapu. Ichi chokha ndingathe kumukonzera.

Kuwerenga ndinaphunzira ndili ndi imvi kale, kusukulu ya kwacha, ndipo munthu wophunzira mochedwa amalemekeza pepala mopitirira muyezo. Ndinatulutsa kabuku kamene kanabwera ndi wailesiyo, n'kupeza kuti n'kolembedwa m'Chipwitikizi. Ndinangotsata zithunzi. Chimodzi chinkaonetsa sipika italikirana ndi khoma, ndiye ndinakoka kabati yonse. Phokoso linachepa pang'ono chabe.

Zotsalazo ndinkangoyesa ndekha. Ndinapinda timapepala n'kutilowetsa m'mphepete mwa magalasi. Makapu ndinawakulunga m'zitenje zakale, lililonse palokha.

"Abambo, makapu anga akumva kuzizira?" mkazi wanga anafunsa ataima pakhomo la kukhitchini.

"Ndikukukonzerani nyimbo, amayi."

"Mwati chiyani?"

Ndinabwereza mokweza, pafupi ndi khutu lamanja.

"Mpando wothyoka uja wakudikirani kuyambira nthawi ya mvula, koma mwayambira wailesi yamoyo," anatero, n'kubwerera ku ntchito zake.

Ndinakapempha chubu chakutha kwa okonza njinga kumsika, n'kuchidula tizidutswa toika pansi pa masipika. Ndinamanga sikulu ina imene inakhwepa kumbuyo kwa chibokosi. Msana unkandiwawa, maondo osavomera, ndipo ndikakonza kuno kunkalira uko, ngati denga lodontha. Pomaliza ndinazindikira kuti mwini mlandu ndi chibokosi chakuda chija. Ndinachitsitsa pa kabati. Ndinakatapa mchenga kumtsinje m'kathumba ka feteleza, n'kukagoneka pansi pakona, chibokosicho n'kuchikhazika pamwamba.

Kenako ndinayatsa. Mawu anatuluka oyera ngati amayiwo alowa m'nyumba. Ndinamva ngakhale kupuma kwa wotsogolera nyimbo asanayambe vesi. Kabati inali zii. Kwa nthawi yaitali ndinali ndisanachitepo kanthu kondisangalatsa chotero.

Ndinaitana mkazi wanga. Anapukuta manja, nakhala pa mpando wake, n'kusanjika dzanja pa kabati monga mwa masiku onse. Anadikira.

"Mwayatsa?"

"Ikuimba, amayi."

"Kwezani."

Ndinakweza mpaka ana a pa nyumba yoyandikana nafe anasiya kusewera. Iye anapendeketsa mutu, kenako anamwetulira monga amamwetulira alendo akamulankhula zimene sanamve.

"Mwachita bwino," anatero.

Mawa lake sanayatse. Mkuja wake chimodzimodzi. Masana ankangokhala pakhonde kusenda manachesi n'kumayang'ana mathiraki. Ndinaganiza kuti mwina akudwala, kapena nyimbozo zamukwana. Ndinkayatsa ndekha kuti ndimukope, koma zinali ngati ndikuimbira makapu ofunda aja.

Tsiku lina ndikuchokera kudimba ndinamva nyimbo ndili panja. Nditalowa ndinamupeza atagwada pakona, pa simenti, chikhato chake chili pa chibokosi chija. Maondo ake ndi oipa kuposa anga. Sindikudziwa kuti anakhala pamenepo nthawi yaitali bwanji.

"Bwerani mundidzutse, ndakanirira," anatero osachita manyazi.

Ndinamugwira m'khwapa, tonse tikubuula, mpaka anafika pa mpando.

"Mumatani pansipo?"

"Ndimamvera nyimbo. Mwaitsitsira pansi, ndiye ndaitsatira komweko."

Anatambasula dzanja lake, lokhakhala ndi khasu ndi sopo, n'kundionetsa chikhato.

"Khutu langa ndi ili, abambo. Mawu aja ndinasiya kuwamva bwino chaka chatha. Koma ng'oma ikalowa m'thabwa imabwera m'dzanja muno, ndipo mawuwo ndimaikamo ndekha, si ndimawadziwa? Inu mwatseka kabati pakamwa."

"Bwanji osandiuza?"

"Munali mutasangalala. Mumasangalala kangati inu?"

Ndinatuluka panja n'kuima pansi pa mtengo wa nachesi mpaka mathiraki angapo anadutsa. Munthu ukhoza kulanda mnzako chinthu ndi dzanja laukali, ukhozanso kumulanda ndi dzanja lofatsa, ndipo kwa wolandidwayo n'chimodzimodzi.

Nditabwerera ndinanyamula chibokosicho, msana ukudandaula, n'kuchibwezera pa kabati. Ndinachotsa tizidutswa ta chubu. Ndinasolola timapepala m'magalasi. Makapu ndinati ndiwasiye ofunda, poti iwo salowa m'dzanja.

"Amenewonso avuleni," anatero. "Ndimawaona akamavina."

Ndinawavula. Kathumba ka mchenga kokha ndi kamene kanapeza ntchito ina: timatsekerezera chitseko cha kukhitchini mphepo ikamawomba.

Mpaka lero masana aliwonse kabati imalira. Ine mawu a kwaya sindiwamva bwino, ndipo nthawi zina mutu umandiwawa. Ndimakhala pa mpando wothyoka uja, umene sindinaukonzebe, n'kumayang'ana dzanja lake pa thabwa. Ng'oma ikayamba zala zake zimayamba kugunda, ndipo vesi ikafika amalowa ndi mawu ake okalamba pa nthawi yake yeniyeni, osachedwa.