Tsiku limene nyundo ya a Gregorio inakhala chete

Aliyense wodutsa njira yochoka ku Nguludi kutsikira m'mudzi mwathu amawadziwa a Gregorio Namaona, ngakhale amene sanawaonepo nkhope. Amawadziwira nyundo. Ndi mmisiri wokhoma zidebe, ndowa ndi mbaula. Amakhomera pansi pa mtengo wa mango, pa chidutswa cha njanji chimene anabwera nacho kalekale. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kupatula Lamulungu, phokoso lake limamveka mudzi wonse. Ine ndakhala nawo moyandikana zaka zoposa makumi anayi. Zimene ndalemba pano zambiri ndinaziona ndekha, ndipo eniake andiloleza.

Anabadwira ku Phalombe mu 1953. Kuno anabwera mu 1979 kudzakwatira a Bibiana, nakhala mkamwini monga timachitira kuno, mwamuna kumanga kwa mkazi. Munda ndi wa akuchikazi, malo a nyumba ndi a akuchikazi. Zawo zenizeni zinali nyundo ziwiri, lumo lodulira malata ndi njanji ija. Ana anabereka anayi. Mmodzi anamwalira ali wakhanda, anyamata awiri ali ku Joni, wamkazi ali pabanja ku Bangwe.

A Gregorio sanali munthu wolankhula. Wolankhula anali a Bibiana. Wofuna ndowa ankafikira kwa mayiwo, kucheza nawo, kumwa thobwa, kenako n'kutenga ndowa yake. Bambowo ankangodzutsa mutu n'kupitiriza kukhoma. Komanso nyundo inawaononga makutu. Lakumanja silimva n'komwe, lakumanzere limafuna munthu akweze mawu.

A Bibiana anamwalira mu Juni 2023 atadwala shuga nthawi yaitali. Patapita mwezi akuchikazi anasonkhana kudzawasudzula a Gregorio, ndiko kuwamasula kuti ukwati watha, akhoza kubwerera kwawo. A Silvesta, mlongo wake wa malemu, amene ndiye mwini mbumba, ananena pamaso pa tonse kuti, "Alamu, nyumba ndi yanu. Khalani." Koma mawu amenewa amanenedwa kawirikawiri posudzula. Mkamwini wanzeru amadikira kuti aone ngati mapazi atsatire zimene pakamwa panena.

Mapazi sanatsatire. Chaka chathunthu a Silvesta sanapondepo pakhomopo. Ofuna ndowa ankaima panjira, kuloza, kutenga, n'kumapita. Inenso ndisabise, ndinkangopereka moni ndili chiimire. A Gregorio anasiya kubwera ku limana, kagulu kathu ka akhristu a m'mudzi muno. Malaya anayamba kuwakulira. Tsiku lina mu Meyi ndinaona kuti agulitsa mbuzi zawo zonse, ndiye ndinafunsa chifukwa chake.

"Ndikakolola nandolo ndizipita kwathu," anatero.

"Kwanu kuli ndani?"

"Kuli manda a mayi anga."

Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, wogontha, wopanda munda, kupita kumene palibe womudziwa. Ndinawauza kuti zimenezo n'zopusa. Anatola nyundo, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'limana mwathu muli a Agnes, amene anapuma pa ntchito ya unamwino. Lamulungu lina anatiuza kuti okalamba ambiri akudwala matenda opanda mapiritsi, ndiwo kukhala okha, ndipo pali njira imene anaphunzira yothandizirana awiriawiri.

"Mukhale pansi awiri," anatero. "Mutseke maso, mungomvera mpweya wanu ukulowa ndi kutuluka. Mwininyumba akakonzeka ayambe kunena zimene zili mumtima mwake. Winayo osamudula, osamulangiza, osamuwerengera vesi. Akamaliza musinthane. Zimene mwamva zitsale pomwepo."

"Mayi, kupuma ndinayamba mu 1950 popanda wondiphunzitsa," ndinatero ine.

"Inu a Dominic chimene ndikufuna muphunzire n'kutseka pakamwa," anayankha. Anthu anaseka. "Mupite kwa a Gregorio."

Ndinafunsa kuti tikhale chete nthawi yaitali bwanji. Anati mpaka mwininyumba atakonzeka. Anaiwala kuti mwininyumbayo ndi ndani.

Ndinapita Lachitatu m'mawa, mu Julayi, kukuwomba chiperoni. Chifukwa cha kuzizira ndinavala jekete langa lakuda. Ndili nalo limodzi lomwelo, la kutchalitchi ndi kumaliro. Ndinafotokoza zonse mokuwa, cha ku khutu lakumanzere.

"Ndi mapemphero?" anafunsa a Gregorio.

"Ayi."

"Ndi mankhwala?"

"Ayi. N'kukhala basi."

"Kukhala ndiye ndimakhala kale."

Komabe anaika nyundo pansi, chifukwa ndi munthu waulemu. Tinakhala pakhonde, chitseko chili chotseka kuti nkhuku zisalowe. Tinavula zipewa n'kuziika pansi, tinaweramitsa mitu, tinatseka maso.

Poyamba ndinkangoganiza za nsabwe za m'masamba zimene zinagwa mu mpiru wanga. Kenako ndinamva kuti msana ukuwawa. Kenako ndinayamba kumva mpweya uja, wanga ndi wa mnzanga, wake uli wolemera ngati wa munthu wokwera chitunda. Zaka zonsezi ndinali ndisanakhalepo pafupi nawo chonchi. Sindinali ndi wotchi, koma ndikhulupirira kuti ola linakwana. A Gregorio sanakonzeke.

Zimene zinkachitika kunja ndinauzidwa pambuyo pake. A Keziya, akazi a a Job, anansi athu a Baptist, anali pa mjigo. Anati chinawadabwitsa n'chakuti amamva nkhunda zikulira, chinthu chosamveka m'mudzi muno nthawi ya m'mawa. Kenako anazindikira kuti nyundo yasiya. Anasuzumira n'kuona chitseko chotseka, madoda awiri atazolika, zipewa pansi, ine ndili m'jekete lakuda. Anasiya ndowa pa mjigo n'kuthamangira kwawo.

"Kwa a Gregorio kwagwa zovuta. Kapena ndi mmodzi wa ana a ku Joni aja."

A Job ndi munthu wachangu pothandiza. Sanafunse. Anathyola nthambi zamasamba n'kukaziyala pamsewu, monga timachitira posonyeza kuti pamudzi pali maliro. Apanjinga anayamba kutsika n'kumakankha.

Tsono pamaliro munthu saodira ndipo sapereka moni. Amangofika n'kukhala pansi. Ine ndinamva mapazi, kenako mapazi ena, kenako munthu akukoka njerwa kuti akhalire. Ndinatsegula diso limodzi. Pansi pa mango panali a Job, a Silvesta ndi amuna ena. Amayi anali cha kukhitchini, atafunda zitenje, ali duu chifukwa sankadziwa woti amulire. Ndinawerenga anthu khumi ndi asanu ndi awiri. A Gregorio sanamve kanthu. Ndipo nthawi yomweyo, maso ali chitsekere, anayamba kulankhula.

Ndinayenera kuwagwira bondo. Sindinatero. Ndinganene kuti ndinkasunga lamulo loti osadula, koma chilungamo chake n'chakuti ndinali ndisanawamvepo akunena mawu oposa khumi, ndipo ndinaopa kuti ndikawaimitsa sadzayambanso.

Ankalankhula mokweza, monga achitira ogontha.

"A Dominic, ine ndimaphikabe za anthu awiri. Dzanja linazolowera. Ndikamaliza ndowa ndimaitana kuti, a Bibiana, tadzathirani madzi tione ngati ikudontha. Ndiye ndimakumbuka, n'kukatunga ndekha. Mayi aja ankandilankhulira kwa anthu. Ine sindidziwa kuti nkhani imayambira pati."

Wina mwa amayi anafwenthera.

"Chaka chino pakhomo pano pafika ofuna ndowa okha. Alamu anga a Silvesta akamapita kudimba amalambalala, amadzera kuseri kwa nsungwi. Ndimawaona. Sindikuwadandaula ayi. Anthu aulemu sathamangitsa mkamwini ndi pakamwa. Amangosiya kubwera, iwe n'kumva wekha. Ndamva. Nyundo yaikulu ndamanga kale m'thumba. Njanji ndikusiyirani inu, ndi yolemera."

"Alamu!" anakuwa a Silvesta.

A Gregorio anatsegula maso. Anayang'ana amuna, anayang'ana amayi, kenako anandiyang'ana ine.

"Wamwalira ndani?"

"Ifetu tabwera kudzamva kwa inu," anatero a Job.

Ndinaimirira n'kufotokoza kuti palibe wamwalira, timangopuma mpweya monga anatiuzira a Agnes.

"Mpweya?" anatero a Keziya. "Ine ndasiya ndowa pa mjigo chifukwa cha mpweya?"

"Nanga masamba anga aja?" anafunsa a Job.

"Thamangani mukachotse, bambo, adzukulu okumba manda asanatenge makasu," anatero akazi awo. "Mawa mudzaika munthu wamoyo ndi changu chanucho."

Anthu anaseka, ena mpaka kugwira nthiti. A Silvesta sanaseke. Anasendera pakhonde n'kukhala pansi penipeni.

"Alamu, ine ndimalambalala dala. Ndimati ndikamabwerabwera muziganiza kuti ndikudzaona ngati mwayamba kulongedza. Ndinauzanso ana ndi adzukulu anga kuti asamakusokoseni."

A Gregorio anatembenuza khutu lakumanzere. "Mwati bwanji?"

Zinatengera a Silvesta kubwereza zonsezo mokuwa, mudzi wonse ukumva.

"Ndiye munandisiya ndekha chifukwa cha ulemu?"

"Eya."

"Ulemu umenewo ukanandipha, alamu."

"Nanunso pakamwa panu panachita dzimbiri ngati chidebe chakudzala. Simukanafunsa? Ine mlongo wanga ndinamuika ndi manja angawa. Mukachoka inu, za iye ndizikamba ndi ndani?"

A Gregorio anatola chipewa chawo, kuchikutumula, n'kulowa m'nyumba. Anthu anabalalika. Tsiku limenelo nyundo sinamvekenso.

Masabata awiri sanandiyankhe moni. Sanalakwe. Ananena za mumtima mwawo poganiza kuti akuuza munthu mmodzi, ine n'kulola kuti anthu khumi ndi asanu ndi awiri amve. Kuti zinatha bwino sizifafaniza zimenezo. A Agnes nawonso anandikalipira. Anati mphindi khumi zikanakwana, ndiponso zinthu zotere amachitira m'nyumba. Ndinawakumbutsa kuti zimenezo sananene. Anavomera.

Lachitatu la sabata yachitatu ndinapita kukapepesa kwa a Gregorio. Anandimvera mpaka kumaliza, akuwongola lata ndi manja. Kenako anati, "Inu tsiku lija simunalankhule. Lowani." Tinakhala m'nyumba, tinatseka maso kanthawi kochepa, ndipo inali nthawi yanga. Ndinkayesa kuti ndilibe chonena. Ndinanena zambiri. A Gregorio sanandidule, sanandilangize, ndipo sindidziwa kuti anamva zingati. Zimenezo sindilemba pano.

Nandolo anakolola mu Seputembala. Ndinkayang'ana tsiku ndi tsiku ngati pakhomopo pafike njinga yonyamula katundu. Sinafike. Mu Okutobala ndinawaona m'munda wa a Bibiana akuunga mizere, a Silvesta ali mzere wina, akukangana mokuwa za mbewu yoti abzale. Munthu wapaulendo saunga mizere.

Sindikunena kuti anachira. Amaitanabe a Bibiana akamaliza ndowa, ndipo sanasanduke munthu wolongolola. Ana a ku Joni amaimba foni mwa apo ndi apo, iwo n'kumangoti eya, eya. Amaphikabe za anthu awiri, koma masiku ambiri chotsalacho amadya a Silvesta pochokera kudimba, amene tsopano amadzera pabwalo. Ku limana anabwerera. Amakhala kumbuyo, khutu labwino ataloza kutsogolo.

Lachitatu lililonse timakhalabe, sabata ino kwawo, yamawa kwathu. Masiku ena amanena zambiri, masiku ena amangoti, "Lero palibe," ndipo ine ndinaphunzira kusawonjezerapo. Asanaike nyundo pansi amatenga ndowa yakale yobooka n'kukaivundikira pa chikuni cha m'mphepete mwa njira. Mudzi wonse ukudziwa tanthauzo lake, kuti nyundo yangopuma, palibe maliro. A Job akadutsa amaigogoda kamodzi ndi ndodo n'kumapita.

Nyundo yaikulu ija anaitulutsa m'thumba. Njanji sanandipatse.