Mafita a Mlamu Wanga Cândido

Mlamu wanga Cândido anali wokonza njinga ku Bairro Josina Machel. Tinabwerera limodzi kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, iye atabereka bangwe wake kumsana ngati khanda. Anyamata a mu Tete atayamba kujambula tifilime tawo, ndiye amene ankawapekera nyimbo.

Filimeyo iye sankaionera. Ankangofunsa kuti, "Mayi wa m'filimeyo akulira ali pati?" Akamuuza kuti ali kunsi kwa mlatho, ankasiya njinga za eni miyendo m'mwamba n'kukakhala komweko mpaka dzuwa kupendeka, akumvetsera madzi a Zambezi ndi magalimoto olemera akudutsa pamwamba. Pobwerako zala zinali zitadziwa kale pogwira. Nyimbo zonsezo ankazijambula pa makaseti, amene kuno timawatcha mafita, n'kuwasunga m'bokosi lachitsulo.

Atatisiya mu Agosto, mwana wake Neusa anadza kwa ine.

"Amalume, Gerson wojambula filime uja akuti timupatse mafita a atate, asamutsire nyimbozo mu kompyuta."

"Katundu wa malemu sakhudzidwa abale ake a ku Angónia asanagawe," ndinatero. "Ukufuna a ku Angónia atitche akuba?"

"Si mbuzitu izi, amalume. Mafita adzatani nawo iwo, adzamangira tomato?"

Sindinaseke. Ndinakhoma chipinda chimene munali katundu wa malemuyo, kiyi n'kuika m'thumba.

Abalewo anati abwera akagulitsa mbatata, kenako anati akabzala. Chipindacho chinali cha malata, chopanda zenera. Ndakalambira mu Tete ine, dzuwa la Outubro limene limafewetsa phula pamsewu ndimalidziwa, koma za bokosi lachitsulo lija sindinaganizeko ngakhale tsiku limodzi.

Abalewo anafika mu Dezembro. Anagawana zitsulo zokonzera njinga, jekete ndi nsapato. Bokosilo analikankhira kwa Neusa osalitsegula n'komwe: "Izi n'zako, mwana wathu."

Mafita onse anali atapindika, ulusi wake utamatirirana. Gerson analimbana nawo sabata yathunthu, osapulumutsapo ndi limodzi lomwe.

Chotsala ndi bangwe wa m'tifilime titatu, kunsi kwa mawu a osewera. Neusa amandiikira pa foni yake. Ndikamupempha kuti akweze ndimve bwino zala za atate ake, mawu a osewera amene akukangana m'filimemo nawonso amakwera. Za kiyi uja sanandifunsepo mpaka lero.