Chithunzi Chimene Bambo a Tadala Sanamalize

Ndinadzuka kusanache. Azimayi akwathu ochokera mumzinda wa South Bend anali akuimbabe nyimbo za maliro a amuna anga chapansipansi kuti aneba asadandaule. Kunja kunali chisanu choluma makutu. Azibambo anayatsa makala kuseri kwa garaja, akuwotcha nkhuku atavala majekete awiriawiri.

Amuna anga, bambo a Tadala, ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Loweruka lililonse ankapita ku gulu la ojambula zithunzi pamanja la m'dera lathu la Beech Grove, m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ina. Ankandiitana kawirikawiri. Ine ndinkati n'kutaya nthawi, ndipo zaka zonsezo sindinapondeko.

Dzuwa litakwera, magalimoto anadzaza msewu wathu. Kutchalitchi ndinaona anthu achilendo, azungu achikulire, aliyense atanyamula chithunzi chokutira m'nsalu. Anali a gulu lija, ndipo zithunzizo anajambula ndi amuna anga. Anazivundukula n'kuziyedzamiritsa kukhoma. Panali mashopu a ku Lafayette Road. Panali agogo ena a kuntchito kwawo akusinza pampando. Panali mwana wathu Tadala ali wamng'ono, mano akutsogolo ataguluka. Ndinayenda chimodzichimodzi, ndikudzifunafuna. Ine panalibe.

Kumanda mphepo inkachita kulasa. Bokosi litayamba kutsika ndinagwada n'kugwira lamba wotsitsira. Ndinkakuwa kuti adikire kaye, ndili ndi mawu oti ndiwauze. Alamu anga anachita kundikoka, mawondo anga ali matope okhaokha.

Tikubwerera ku galimoto, mayi wina wa gulu lija, woyendera ndodo, ananditsekera njira atakumbatira chithunzi chinanso.

"Ichi sitinachionetse," anatero. "Amuna anu ankati akudikira tsiku limene mudzabwere kudzakhala pampando, kuti amalize."

Inali diresi yanga yabuluu. Duku langa. Manja anga, ngakhale chipsera cha pachala chinalipo. Pankhope pokha panali poyera.

Madzulo anthu atabalalika nyumba inati zii. Ndinaimika chithunzi chija patebulo la kukhitchini. Tadala anaima pambuyo panga, n'kundiuza m'Chingerezi kuti mayi uja akhoza kumaliza, tingomupatsa chithunzi changa cha mufoni.

"Ayi mwanangu," ndinatero. "Sindiye ankandidikira."

Ndinakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nacho. Ndinakonza duku, ndinaika manja pamiyendo, ndinadzutsa mutu. Tadala anandiitana kawiri kuti ndidye. Sindinasunthe.